Kupha ng'ombe ya ndiwo kunyanja kwa Nkhotakota: malangizo kwa alimi ndi magulu ogawana nyama

Ku America kuli alimi amene amaweta njati za kwawoko, zotchedwa bison, m'madambo akuluakulu otchingidwa ndi waya. Kale nyamazi zinalipo mamiliyoni, koma alenje anazipulula mpaka pofika 1889 zinangotsala pafupifupi 1,000. Lero zaswananso, ndipo zambiri zili m'manja mwa alimi amene amaziweta kuti azigulitsa nyama. Kaphedwe kake ndi kamene tingatolepo nzeru. Bison ndi yolusa, ikakwezedwa pa lole imadzimenyetsa n'kudzivulaza. Choncho alimi ena amaiwombera ndi mfuti ikudya msipu pakati pa zinzake, isanadziwe kanthu, n'kuikhetsa magazi pomwepo, kenako n'kuthamangira nayo kumalo ozizira.

Ife kuno mfuti sitigwiritsa ntchito, ndipo chathu ndi ng'ombe ya linunda ya mtundu wa Malawi Zebu. Koma zimene anzathuwo amasamala ndi zomwezo zimene zimatigwetsa: ng'ombe ife isanachite mantha, ndipo dzuwa lisaipeze nyama ikadali m'manja mwanu. Kunyanja kuno, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, nyama imene yazingidwa m'mamawa ikafika madzulo imakhala itayamba kale kusintha fungo. Malangizo awa ndi a mlimi wofuna kupha ng'ombe yake, ndiponso a magulu amene amasonkherana ndalama zogulira ng'ombe ya Khirisimasi, ya Idi kapena ya ukwati.

1. Njati ya m'nkhalango isiyeni

Njati tili nazo m'nkhalango ya Nkhotakota, koma si za ndiwo. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linabweretsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete, pamodzi ndi nyama zina kuphatikizapo njati. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti pa nyama zina chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Wogula nyama ya msampha nayenso ali pamlandu.

Mlimi wa ng'ombe ali ndi chifukwa chinanso chotalikirana ndi njati. Njati imasunga kachirombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi iyo osadwala, koma ng'ombe zikamamwa ndi kudya pamalo amodzi ndi njati zimatenga matendawa. Akabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe ndi malo ophera dera lonse. Mukaona waya wa nkhalango wadulidwa pafupi ndi msipu wanu, kanenani.

2. Gulitsani nyama ng'ombe ikadali yamoyo

Apa ndi pamene ambiri amapsa. Munthu amapha ng'ombe kaye, ndiye n'kumayamba kufunafuna ogula. Pofika masana akugulitsa mwangongole, pofika madzulo akupempha anthu kuti angotenga pamtengo uliwonse. Ng'ombe imodzi imatulutsa nyama yoposa makilogalamu 100. Mudzi umodzi wa kunyanja, kumene usipa ukupezeka pamtengo wotsika, sungathe nyama yonseyo tsiku limodzi.

Tengani kope, lembani mayina a ofuna nyama ndi makilogalamu awo, ndipo aliyense aperekeretu theka la ndalama. Pitani kwa a chiwaya, a kanyenya ndi a malo odyera a pamsewu wa M5 mukamve kuti atenga zochuluka bwanji. Mpeni usanoledwe mpaka magawo atatu mwa anayi a nyamayo atapeza eni ake.

Tsiku lake lisankheni ndi nzeru. Kumathero a mwezi, antchito a kumunda wa nzimbe ku Dwangwa akalandira, nyama imayenda. Imayendanso alimi akagulitsa mpunga, ndi mu Disembala magulu a banki m'khonde akagawana. Ine nyengo imene ndimaikonda ndi ya mwera, kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Nyanja ikalusa asodzi salowa, nsomba imasowa pamsika, ndipo anthu amatembenukira ku nyama. Kunja kumakhalanso kozizirirapo, ng'ombe zili zonenepa chifukwa dzinja langotha kumene ndipo zikudya ziputu za mpunga. Khirisimasi ili ndi ogula ambiri, koma imagwa nthawi imene ng'ombe zangotuluka kumene m'chilimwe zili zowonda.

3. Sankhani ng'ombe, ndipo iyezeni

Yabwino kupha ndi mfule, kapena yaikazi imene yasiya kuswa. Yaikazi ya bere musaphe; ngati mukukayika, alangizi a ziweto aipime. Kupha ng'ombe ya bere ndi kupha ng'ombe ziwiri pamtengo wa imodzi.

Msinkhu wake muuwerenge m'kamwa. Mano akutsogolo a m'munsi amasintha awiriawiri: awiri akuluakulu oyamba amatuluka ng'ombe ikamakwanitsa zaka ziwiri, ndipo onse asanu ndi atatu amakwanira ikafika zaka zinayi kapena zisanu. Ngati mano aperepeseka ndi kutalikirana, imeneyo ndi nkhalamba, nyama yake ndi yolimba ndipo mtengo utsike.

Sikelo ya ng'ombe kumudzi kulibe, koma tepi ya telala imathandiza. Yezani kuzungulira chifuwa, kuseri kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo. Yezaninso kutalika kuchokera pansonga ya phewa kufika pafupa la m'mbali mwa mchira. Nambala ya chifuwa ichulukitseni ndi iyo yomwe, zimene mwapezazo muchulukitse ndi kutalika, kenako mugawe ndi 10,840. Mwachitsanzo, chifuwa cha masentimita 150 ndi kutalika kwa 120 zikupatsani makilogalamu pafupifupi 250. Mukachotsa chikopa, mutu, mang'ina, magazi ndi zam'kati, chimatsala ndi pafupifupi theka, kutanthauza makilogalamu 120 kapena 125, mafupa ali momwemo. Ng'ombe yowonda sifika ngakhale pamenepo. Powerengera phindu yambirani pa theka limeneli, osati pa kukula kwa ng'ombe imene mukuiona m'khola.

4. Funsani za jakisoni

Madera oyandikana ndi nkhalango ali ndi kashembe, ntchentche imene imapatsa anthu matenda a kaodzera ndiponso kuwondetsa ng'ombe. Alimi ambiri amabaya ng'ombe zawo mankhwala monga Berenil ndi Samorin, ena amabayanso oxytetracycline ng'ombe ikangooneka yofooka. Mankhwalawa amatsala mu mnofu, m'chiwindi ndi mu impso kwa masiku angapo. Pa botolo kapena paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanaphe, ndipo pa mankhwala ambiri obaya amakhala milungu itatu kapena kuposerapo. Mwini ng'ombe mumufunse tsiku limene anaibaya komaliza, ndipo mufunsenso mnyamata woweta payekha, chifukwa iyeyo sakhala ndi chobisa. Chenjerani ndi munthu amene akugulitsa ng'ombe mofulumira pamtengo wotsika: kawirikawiri amakhala kuti wayesa mankhwala alephera.

5. Makalata ndi alangizi

Ng'ombe yogula ikhale ndi kalata ya amfumu a kumene yachokera yotsimikiza mwini wake, ndipo ngati ikuchoka dera lina, ikhale ndi chilolezo choyendetsera ziweto chochokera ku ofesi ya za ziweto. Popanda zimenezi, ikadzapezeka kuti inabedwa, apolisi adzayambira pa inu amene muli ndi chikopa.

Alangizi a ziweto a kudera lanu la zaulimi (EPA), kaya ndi Linga, Zidyana, Nkhunga kapena Mwansambo, auzeni kukadali masiku awiri kapena atatu. Amafunika kuiona ng'ombe ili yamoyo, n'kudzaonanso nyama ikatumbulidwa. Ngati muli pafupi ndi malo ophera nyama a khonsolo, kaphereni kumeneko. Ndalama ya msonkho ndi yochepa poyerekeza ndi kulandidwa nyama yonse.

6. Ng'ombe yodzifera yokha si ndiwo

Ng'ombe ikafa mwadzidzidzi, n'kutupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaisende ndipo musaitumbule. Zimenezi ndi zizindikiro za anthrax, matenda amene anapha mvuu zambiri mumtsinje wa Shire ku Liwonde chakumapeto kwa 2018. Amagwira wosenda, wonyamula ndi wodya yemwe, ndipo tizirombo take tikagwera m'nthaka timakhala zaka zambirimbiri. Itanani alangizi. Mtembo wake umatenthedwa, kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya mamita awiri, kutali ndi chitsime. Ndikudziwa kuti kukwirira ng'ombe yathunthu kumawawa, ndipo pamudzi sipalephera wina wonena kuti moto umapha zonse. Wosendayo matendawa amamulowa pakhungu, nyama isanafike n'komwe pamoto.

7. Dzulo lake ng'ombe ipume

Ng'ombe imene yayenda mtunda wautali, tinene kuchokera ku Mwansambo kutsikira kunyanja, isazingidwe tsiku lomwelo. Imangeni pamthunzi usiku wonse. Madzi imwe mmene ingafunire, koma msipu muisiyitse kwa maola 12 kapena kuposerapo pang'ono, kuti chifu chichepe ndipo chisavute potumbula. Ngati n'kotheka, pafupi pakhale ng'ombe inzake, chifukwa ng'ombe ikakhala yokha imasowa mtendere.

Chifukwa chake n'ichi. Mu mnofu wa ng'ombe mumakhala shuga wosungidwa. Ikafa, shugayo amasanduka asidi amene amafewetsa nyama, kuipatsa mtundu wofiira bwino ndi kuchedwetsa kuola. Ng'ombe imene yathamangitsidwa ndi anyamata, kumenyedwa ndi zibonga ndi kuuwidwa ndi agalu imatha shuga yense isanafe. Nyama yake imatuluka yakuda, yomata m'manja, ndipo imanunkha msanga. Paliponse pamene ndodo inagwa pamakhala magazi oundana amene muyenera kudula n'kutaya. Chizolowezi chotema mitsempha ya miyendo yakumbuyo ndi chikwanje kuti ng'ombe igwe ndi nkhanza, ndiponso chimaononga ntchafu, pamene pali mnofu wa ndalama zambiri.

8. Malo, madzi ndi zida

Konzani zonse madzulo, kuti ntchito iyambe tambala woyamba akalira ndipo dzuwa lizituluka nyama ili kale pambedza. Malo akhale a mthunzi, otsetsereka pang'ono, pansi pa mtengo wa nthambi yolimba kapena pamtanda wa mitengo umene mwazika nokha. Pamchenga wa kugombe musaphere: mchenga ukalowa mu nyama suchoka. Yalani tenti yotsukidwa bwino. Kumbani dzenje la magazi ndi ndowe chakumunsi kwa malowo.

Mufunika mipeni yakuthwa itatu ndi nsangalabwi yonolera, macheka kapena nkhwangwa yaing'ono, zingwe ziwiri zolimba, mabeseni anayi, sopo, sikelo, ndi madzi osachepera ndowa khumi. Madziwo akhale a pamjigo kapena pampopi, ndipo muthiremo klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. A m'nyanja kapena a mumtsinje ayi. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inasautsa kwambiri maboma a m'mbali mwa nyanja, Nkhotakota ali momwemo. Munthu wotsekula m'mimba kapena wa chilonda padzanja asagwire nyama.

9. Wozinga ndi kazingidwe

Nkhotakota ndi dera la Asilamu ambiri chiyambire nthawi ya Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika pano cha m'ma 1840. Ngakhale inu mutakhala Mkhristu, itanani shehe kapena Msilamu wodziwa kuzinga. Mukapanda kutero mwadzichotsera nokha ogula ambiri, ndipo paukwati kapena pamaliro mwasiyitsa ndiwo achibale ndi anansi. Wozingayo mupangane naye malipiro ake dzulo lake, kaya ndi ndalama kaya ndi nyama.

Pogwetsa ng'ombe gwiritsani ntchito chingwe chachitali. Mangani nsonga imodzi kunyanga, kolani chingwecho kuzungulira chifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, kolaninso kachiwiri pamimba kutsogolo kwa chiuno. Mmodzi agwire mutu, awiri akoke chingwe chakumbuyo mosalekeza, ndipo ng'ombe igona yokha popanda kumenyedwa. Mangani miyendo. Wozinga aigonekere kumanzere, khosi litaloza ku Makka, kumene kuchokera kuno ndi kumpoto kupendekera pang'ono kummawa. Mpeni usanoledwe ng'ombe ikuona. Akatchula dzina la Mulungu adule kamodzi, mozama, kuti kholingo, mmero ndi mitsempha ikuluikulu ya mbali zonse ziwiri ziduke pamodzi. Kucheka mobwerezabwereza ndi mpeni wobuntha kumatseka mitsempha, magazi n'kutsalira mu mnofu.

Dikirani mpaka magazi atasiya kutuluka ndipo diso silikuphethira mukalikhudza. Pasapezeke wothamangira kusenda ng'ombe ikadaphupha. Amene amadya uwende akinge magazi m'beseni lawolawo ndi kuwaphika nthawi yomweyo, kutali ndi nyama ya anzawo amene chipembedzo chawo chimaletsa magazi.

10. Kusenda ndi kutumbula

Lamulo lalikulu posenda ndi lakuti mbali ya ubweya isakhudze mnofu. Dzanja limodzi ligwire chikopa, linalo mpeni, ndipo asasinthane osasamba. Ng'ombe igone chagada, yotchingidwa ndi zipika mbali zonse. Ng'ambani chikopa kuchokera pakhosi kutsika pakati pa mimba mpaka kumchira, kenako mkati mwa mwendo uliwonse, mpeni ukuloza kunja kuti ubweya usalowe. M'nthiti kankhani ndi chibakera mmalo mwa mpeni, chikopa chisabooke.

Zam'kati zituluke lisanathe ola limodzi chizingireni. Musanatumbule, mangani mmero ndi kachingwe, manganinso thumbo lakumapeto pamodzi ndi njira ya mkodzo, kuti ndowe zisatayikire pa nyama. Pong'amba mimba lowetsani zala ziwiri pansi pa mpeni kuti nsonga isalase chifu. Mukatero kwezani ng'ombe ndi miyendo yakumbuyo, chifu ndi matumbo zigwere m'beseni lake. Chiwindi, mtima ndi mapapo zipite m'beseni lina. Ndulu ichotseni mosamala isanaphulike. Ngati ndowe zagwera pamnofu, dulani pamenepo ndi mpeni. Kuthirapo madzi kumangomwaza uvewo ponseponse.

Chifu ndi matumbo akatsukire patali, ndi anthu ena amene sabwereranso kudzagwira mnofu. Gawani ng'ombe pakati potsata msana, kenako m'magawo anayi, ndipo muwapachike motalikirana kuti mphepo idutse.

11. Alangizi aione musanadule kilogalamu yoyamba

Mutu, lilime, mtima, mapapo, chiwindi, kapamba ndi impso zisachoke pamalopo mpaka atazipima. Pali anthu amene amabisa chiwindi poopa kuti chilandidwa. Kutero n'kudzinamiza nokha, chifukwa ziwalo zimenezi ndi zimene zimaulula ngati ng'ombe yonseyo ili yodyeka.

Kuno chiwindi chimalandidwa kawirikawiri. Ng'ombe zodya m'madambo a Chia, Bua ndi m'minda ya mpunga zimatenga nyongolotsi zaphanthiphanthi za m'chiwindi, zimene zimafala kudzera mu nkhono za m'madzi. Chiwindi chotere chimakhala ndi timipaipi toyera tolimba, ndipo chimatayidwa, koma mnofu umakhala wabwino. Mukapeza zimenezi dziwani kuti ng'ombe zotsala m'khola nazonso zikufunika mankhwala. Alangizi amachekanso masaya, lilime ndi mtima kufunafuna timatuza toyera tonga njere za mpunga. Timeneti ndi ana a njoka ya m'mimba mwa munthu, ndipo ng'ombe imatitenga ikadya udzu umene munthu anachitapo chimbudzi. M'midzi ya mchenga mmene zimbudzi zimagumuka dzinja lililonse, vutoli silisowa. M'mapapo ndi m'anabere amayang'ana zotupa zachikasu za chifuwa chachikulu cha TB. Akakhutira amadinda chidindo. Chimene akana chikwiriridwe iwo akuona, asapatsidwe agalu.

12. Kugawa ndi kuthana ndi kutentha

Kukatentha, tizirombo tooletsa nyama timatha kuchuluka kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Nyama ikhale yopachika pamthunzi, yofundidwa ndi nsalu yoyera yopyapyala yotchinga ntchentche. Musaiunjike m'beseni kapena kuikulunga m'majumbo ikadali yofunda, chifukwa imachita thukuta n'kusasa kuyambira pafupa. Zam'kati zimaonongeka msanga kuposa mnofu, ndiye ziyambe kutuluka ndi zimenezo.

Ngati ndi gulu logawana, musayambe kupereka nyama kwa amene wafika msanga. Ikani milu yofanana ndi chiwerengero cha anthu, ndipo mulu uliwonse ulandire mnofu wa ntchafu, nthiti, fupa, mafuta ndi zam'kati, n'kuuyeza pasikelo onse akuona. Mukatha chitani maere. Linunda, lilime, mutu, mchira ndi mang'ina sizigawika bwino. Zigulitseni kwa wopereka ndalama zambiri, ndalamazo zilipire wozinga, osenda ndi msonkho. Magulu ambiri amapasuka chifukwa cha linunda limene linalowera kunyumba kwa apampando.

Yopita kutali, monga ku Benga kapena ku Dwangwa, inyamuke m'mamawa m'bokosi la ayezi, ayeziyo ali m'majumbo kuti madzi asakhudze nyama. Bokosi limene munali chambo dzulo limapatsira nyama fungo la nsomba ngakhale mutalitsuka, choncho pezani lina. Wa firiji asaike chintchafu chathunthu; adule mapisi ang'onoang'ono kuti azizire mpaka mkati magetsi asanathime.

13. Yotsala, chikopa ndi zinyalala

Ikamakwana 2 koloko masana, yang'anani imene yatsala ndipo musadikire ogula a madzulo. Ilezeni mizere yopyapyala yosaposa chala kunenepa, chotsani mafuta chifukwa ndi amene amayamba kununkha, pakani mchere wokwanira, ndipo muiwambe pamoto wa nkhuni zouma wopanda malawi mpaka itauma gwa. Pathandala la usipa musayanikepo nyama. Yowambayo muziibwezera pamoto masiku otsatira, makamaka nyengo ya mvula pamene chinyontho cha kunyanja chimabweretsa nkhungu.

Chikopa chipaleni mnofu ndi mafuta tsiku lomwelo, chitsukeni, ndipo muwaze mchere mbali ya mnofu, wokwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa chikopacho. Ngati mchere wachepa, chikungeni pa mitengo pamthunzi podutsa mphepo. Chokhomedwa ndi zikhomo pansi padzuwa chimauma pamwamba mkati mukuola, ndipo osema ng'oma amachikana.

Ndowe za m'chifu zipite kudzenje la manyowa. Magazi, ndulu ndi zonse zokanidwa zikwiriridwe mozama, pamwamba muikepo miyala kapena minga kuti agalu ndi afisi asafukule. Musataye kanthu mumtsinje kapena m'nyanja, ndipo mabeseni musakatsukire padooko: ku Bua ndi ku Chia kuli ng'ona, ndipo zikazolowera fungo la magazi pamalo amodzi zimayamba kudikirira pomwepo, pamene amayi amachapa ndi ana amasamba.